Mmene mungayezere nyenyezi Electra muli pakhonde: mtunda, kutentha, mphamvu ndi kukula kwake

Pa gulu la Nsangwe pali kanyenyezi kena komwe munthu sangakaloze pokhapokha wina atamusonyeza. Akatswiri a zakuthambo amakatcha Electra, ndipo m'kaundula wa nyenyezi kanalembedwanso kuti 17 Tauri. Mukakayang'ana ndi maso okha kamangoti phethiphethi ngati koloboyi wa kutsidya kwa dambo, koma akatswiriwo amati ndi chimphona chotentha koopsa. Ine nditamva koyamba ndinaona ngati akukokomeza, ndipo sindikufuna kuti nanunso mungovomera poti zanenedwa ndi ophunzira. Mukhoza kudziwerengera nokha, ndipo masamu ake sapitirira a kusekondale.

Konzani pepala, pensulo ndi foni. Kakyuleta ya pafoni ikhale ndi mabatani a log, √ ndi 10^x; pamafoni ambiri mabataniwa amatuluka mukagoneka foniyo cham'mbali. Ikaninso Stellarium, pulogalamu yosonyeza mapu a kumwamba yomwe ili ndi mtundu waulere. Ngati muli ndi binoculars, ngakhale obwereka, zinthu ziphweka.

1. Ipezeni kaye ndi maso

Yambirani pa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, zomwe azungu amati ndi lamba wa Orion. Tsatirani mzere wa akamwiniwo cha kumpoto chakumadzulo. Mukumana kaye ndi nyenyezi yowala yofiirira, Aldebaran. Muisunge m'mutu imeneyi, tiifunanso kutsogoloku. Mukapitirira mbali yomweyo mufika pa kagulu kothithikana, kamene munthu wa maso abwino amawerengapo nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Ndiye Nsangwe ameneyo, azungu amati Pleiades.

Kuno kwathu gululi limakwera kwambiri likafika kumpoto kwenikweni, madigiri pafupifupi 50 pamwamba pa pomwe thambo limakumana ndi dziko. Pakati pa Novembala limafika pamenepo pakati pa usiku, kumapeto kwa Disembala cha m'ma 9 kapena 10 koloko, ndipo kumapeto kwa Januwale cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo. Tsoka lake, imeneyi ndi miyezi ya mvula, ndipo mutha kudikira sabata yathunthu mitambo isanatseguke. Koma usiku woti mvula yagwa masana kenako kwayera, kumwamba kumakhala kotsukika kuposa nthawi ina iliyonse. Ngati simuopa kuzizira, dzukani m'bandakucha mu Julayi kapena Ogasiti, mulipeza lakwera kale cha kumpoto chakum'mawa. Ya Seputembala ndi Okutobala sindiikonda chifukwa cha fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire. M'tauni, usiku womwe magetsi athima ndi wanu. Khalani panja mphindi 20 osayang'ana foni kuti maso azolowere mdima.

Gululi likafika kumpoto, inu mutayang'ana komweko, yowala kwambiri ndi Alcyone. Kudzanja lamanja kwake kuli Atlas. Kumanzere kwake, pa msinkhu womwewo, pa mpata woposa pang'ono kukula kwa mwezi wathunthu, ndiye pali Electra. Merope ili pamwamba pang'ono pa mzere wa ziwirizi, Maia ndi Taygeta zili m'munsi. Zithunzi zambiri za pa intaneti zinajambulidwira ku Ulaya ndi ku America, choncho kwa ife zimaoneka chadodolido. Mukaona Electra ili kumanja pachithunzi musasokonezeke, ingozondotsani foni.

2. Lembani manambala anayi

Tsegulani SIMBAD, nkhokwe yaulere ya nyenyezi yomwe imasungidwa ku Strasbourg m'dziko la France, mulembe 17 Tau. Patuluka manambala ambirimbiri oti mutu kuwawa, koma inu mukufuna zinayi zokha. Choyamba ndi V, kuwala kwa nyenyezi monga timakuonera, ndipo kwa Electra ndi 3.70. Chachiwiri ndi B−V, nambala ya mtundu wa kuwalako, pafupifupi −0.12. Chachitatu ndi zilembo za gulu lake, B6 IIIe. Chachinayi ndi parallax, koma iyi musailembe kaye, ili ndi nkhani yake. Mukaona kuti manambala anu asiyana ndi anga pa dijiti yomaliza, palibe kanthu. Oyeza osiyana amapeza zosiyana pang'ono.

Nambala ya V imatchedwa magnitude, ndipo imayenda chammbuyo ngati mapointi a mayeso a Fomu 4: yochepa ndiye yabwino. Nyenyezi ya 1 imawala kuposa ya 3, yomalizira kuoneka ndi maso kumudzi kopanda magetsi imakhala ya 6, ndipo zowala kwambiri zimalowa ku minus. Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, ili pa −1.46, dzuwa lili pa −26.74. Mu 1856 Norman Pogson wa ku England anaika lamulo loti kusiyana kwa magnitude 5 kuzitanthauza kuwala kowirikiza ka 100. Ndiye mukafuna kuyerekeza nyenyezi ziwiri, pezani kusiyana kwa manambala awo, gawani ndi 2.5, kenako dinani 10^x. Aldebaran ili pa 0.85. Kusiyana kwake ndi Electra ndi 2.85, kugawa ndi 2.5 ikupereka 1.14, ndipo 10^1.14 ndi pafupifupi 14. M'maso mwathu Aldebaran imaposa Electra ka 14.

3. Mtunda, pomwe pagona nkhani yonse

Amene anagonapo kunyanja amadziwa kuti nyali za asodzi a usipa zimanamiza. Ina imaoneka yowala chifukwa bwato lili pafupi ndi gombe, ina ikuoneka mwachizimezime pomwe ndi yamphamvu kuposa zonse, kungoti yalowa pakati. Popanda kudziwa mtunda, simunganene kuti nyali yamphamvu ndi iti. Nyenyezi n'chimodzimodzi.

Tambasulani dzanja, imikani chala chachikulu, mutsinzine diso lamanzere, kenako lamanja. Chalacho chikuoneka ngati chikudumpha poyerekeza ndi mtengo wakutali. Mukachiyandikiza kumaso chimadumpha kwambiri. Kudumpha kumeneku ndiye parallax. Pa nyenyezi, maso awiri aja ndi malo awiri omwe dziko limakhala pozungulira dzuwa, lero ndi pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Woyamba kufalitsa muyeso wodalirika wa mtunduwu anali Friedrich Bessel mu 1838, pa nyenyezi ya 61 Cygni. Kudumphaku n'kochepa zedi moti amakuyeza mu mas, ndipo mu digiri imodzi muli ma mas 3,600,000. Lamulo lake ndi ili:

mtunda mu parsec = 1000 ÷ parallax mu mas

Parsec imodzi ndi mtunda womwe kuwala kumayenda pa zaka 3.26.

Tsono chifukwa chomwe ndinati musalembe kaye. Setilaiti ya Hipparcos, yomwe bungwe la European Space Agency linaiponya mu 1989 ndipo inagwira ntchito mpaka 1993, inapeza kuti Nsangwe ali pa ma parsec pafupifupi 120. Njira zina zonse zinkapereka 130 ndi kupitirira. Mkangano unatenga zaka zambiri, chifukwa zikanakhala kuti Hipparcos ndiye yalondola, ndiye kuti zomwe akatswiri ankadziwa za mmene nyenyezi zazing'ono msinkhu zimawalira zinali ndi polakwika. Mu 2014 gulu lotsogoleredwa ndi Carl Melis linayeza ndi matelesikopu a wailesi olumikizidwa pamodzi ndipo linapeza 136.2. Setilaiti ya Gaia, yomwe inaponyedwa mu Disembala 2013, inadzagwirizana ndi a Melis.

Vuto lina nlakuti Gaia inapangidwira nyenyezi zooneka mwachizimezime. Zowala ngati Electra zinkathobwa zida zake m'maso, ndipo parallax ya nyenyezi imodzi yotereyi siikhala yodalirika ngati ya gulu lonse. Choncho ine ndimatenga ya gulu, 7.36 mas. Gawani 1000 ndi 7.36, mupeza 136. Chulukitsani ndi 3.26, mupeza zaka 443. Kuwala komwe kukulowa m'maso mwanu usikuuno kunanyamuka cha m'ma 1580, ufumu wa Maravi uli pansi pa a Kalonga. Aldebaran ili pa zaka 65 zokha. Electra yatalikira pafupifupi kasanu n'kawiri kuposa pamenepo, ndipo poti kuwala kumachepa malinga ndi mtunda wochulukitsidwa ndi mtunda womwewo, kutalikirako kwaidya kuwala ka 46. Ziwirizi mutaziimika pa mzere umodzi, Electra ingapose Aldebaran katatu ndi kupitirira.

4. Pukutani fumbi

Pakati pa ife ndi Nsangwe pali fumbi lochepa la m'mlengalenga. Limachita zomwe fumbi la mu Okutobala limachita ndi dzuwa likamalowa: limachepetsa kuwala ndi kukufiiritsa. Pa gululi akatswiri amawerengera kuti fumbi limawonjezera pafupifupi 0.04 pa B−V, ndipo limadya 0.12 pa V, yomwe ndi 0.04 kuchulukitsa ndi 3.1. Ndiye konzani: V ikhale 3.58, B−V ikhale −0.16. Zikuoneka zazing'ono, koma muona posachedwa zomwe 0.04 imachita.

5. Kuwala kwake kwenikweni

Kuti mpikisano ukhale wachilungamo, akatswiri amayerekeza kuti nyenyezi zonse zaimikidwa pa ma parsec 10. Magnitude yomwe nyenyezi ingakhale nayo pamenepo amailemba ndi M wamkulu:

M = V − 5 × log(mtunda ÷ 10)

Gawani 136 ndi 10, mupeza 13.6. Log yake ndi 1.134, kuchulukitsa ndi 5 ndi 5.67. Chotsani 5.67 pa 3.58, yankho ndi −2.09. Pa mtunda womwewo dzuwa lathu lingakhale pa 4.83, kanyenyezi koti mwezi ukawala simungakaone, pomwe Electra ingawale kuposa mmene Sirius imawalira panopa. Kusiyana kwa 4.83 ndi −2.09 ndi 6.92; gawani ndi 2.5, dinani 10^x, mupeza pafupifupi 590. Pa kuwala kooneka ndi maso kokha, Electra ndi madzuwa 590. Sitinathe, chifukwa kwina kukubisala.

6. Kutentha

Makala a pambaula akayamba kunyeka amakhala ofiira. Mukawakupiza amasanduka achikasu. Pomwe owotcherera zitsulo akugwira ntchito pamatuluka kuwala koyera kopita ku buluu, ndipo aliyense amadziwa kuti pamenepo ndiye pali moto weniweni. Mtundu wa kuwala umaulula kutentha. B−V imayerekeza kuwala kwa buluu ndi kwachikasu: ikakhala yaikulu nyenyezi ndi yofiira ndiponso yozizirirapo, ikalowa ku minus ndi yabuluu ndiponso yotentha. Ya dzuwa ndi 0.65, ya Aldebaran ndi pafupifupi 1.5.

Pali njira yachidule yomwe F. J. Ballesteros anafalitsa mu 2012. Chulukitsani B−V ndi 0.92, yankho mulitche x. Kenako:

T = 4600 × [1 ÷ (x + 1.7) + 1 ÷ (x + 0.62)]

Iyeseni kaye pa dzuwa kuti muikhulupirire. Pamenepo x ndi 0.598, ndipo T ituluka pafupifupi 5,780. Kutentha kovomerezeka kwa kunja kwa dzuwa ndi 5,772 K, ndiye njirayi siikunama. K imeneyi ndi kelvin. Mukafuna madigiri omwe timamva pawailesi chotsanipo 273, koma pa manambala aakulu chonchi sizisintha zambiri.

Pa Electra x ndi −0.147. Gawo loyamba ndi 1 ÷ 1.553, yomwe ndi 0.644. Lachiwiri ndi 1 ÷ 0.473, yomwe ndi 2.114. Kuphatikiza ndi 2.758, kuchulukitsa ndi 4600 ndi pafupifupi 12,700 K. Mukanapanda kupukuta fumbi lija mukanapeza 11,900. Kanambala ka 0.04 kasuntha yankho ndi madigiri 800. Apa ndi pomwe njirayi imafooka: nyenyezi zotentha kwambiri zonse zimaoneka zabuluu mofanana, ndiye kusiyana pang'ono pa mtundu kumabisa kusiyana kwakukulu pa kutentha.

N'chifukwa chake akatswiri amadalira spectrum, kuwala kwa nyenyezi kutamwazidwa ngati utawaleza. Mu utawaleza umenewo mumakhala timizere takuda, pomwe mpweya wa kunja kwa nyenyezi wameza kuwala, ndipo timizereti timasintha malinga ndi kutentha. Annie Jump Cannon wa ku Harvard, yemwe anasanja nyenyezi zoposa 200,000 poyang'ana zithunzi za pagalasi, ndiye anakhazikitsa ndondomeko ya O, B, A, F, G, K, M, kuyambira zotentha kwambiri kutsika. Gulu lililonse limagawidwanso kuyambira 0 mpaka 9. Dzuwa ndi G2, Aldebaran ndi K5, Electra ndi B6. Chizindikiro cha gulu B ndi timizere ta heliyamu, tomwe sitioneka pa nyenyezi zozizirirapo. Poyeza mosamala chonchi, Electra imapezeka pa 13,500 K. Yathu ya 12,700 yaphonya ndi 6 peresenti yokha, zomwe si zochititsa manyazi kwa munthu wa pakhonde, koma kuyambira pano tigwiritsa ntchito 13,500.

7. Onjezani kuwala kosaoneka

Gawani 2,898,000 ndi kutentha, mupeza pomwe nyenyezi imatulutsa kuwala kochuluka, mu nanometer, kamuyeso ka kutalika kwa mafunde a kuwala. Ili ndi lamulo la Wien. Dzuwa limapereka 502, pakatikati pa zomwe diso limaona, zomwe zimayambira cha pa 380 kufika cha pa 750. Electra imapereka 215, mkati mwa ultraviolet, kuwala komwe diso siliona koma kumawotcha khungu, komwenso kumachititsa owotcherera kuvala chophimba kumaso. Tanthauzo lake nlakuti mphamvu yambiri ya Electra imatidutsa osaiona.

Pokonza izi timawonjezera nambala yotchedwa BC, yomwe imatengedwa pa matebulo malinga ndi kutentha. Pa 13,500 K ndi pafupifupi −1.0. Ndiye −2.09 ndi −1.0 zikupanga −3.09. Ya dzuwa pa muyeso womwewu ndi 4.74. Tsono:

mphamvu = 10^[(4.74 − (−3.09)) ÷ 2.5]

Chenjerani ndi minus ziwirizo. Tsiku loyamba ine ndinachotsa 3.09 pa 4.74 m'malo mophatikiza, n'kupeza kuti Electra ndi madzuwa 4.6 okha. Ndinakhala nayo nambala imeneyo mpaka tiyi kuzizira, ndikudzitama kuti ndawagwira akatswiri bodza, kenako n'kuona kuti wolakwa ndine. Yolondola ndi 7.83, kugawa ndi 2.5 ndi 3.13, ndipo 10^3.13 ndi pafupifupi 1,350. Electra imatulutsa mphamvu ya madzuwa 1,350. Aldebaran, ndi kuwala kwake konse kuja, ili cha pa 440.

Mukakasaka pa intaneti mukapeza ena alemba manambala ocheperapo, monga 940. Musathamangire kufufuta zanu. Bwerezani masamuwa ndi mtunda wa Hipparcos wa 120, muona yankho likutsikira pa 1,050. Kusiyana kwa 13 peresenti pa mtunda kwabala kusiyana kwa 28 peresenti pa mphamvu. Nthawi zonse mukaona nambala ya mphamvu ya nyenyezi, funsani kaye kuti anagwiritsa ntchito mtunda uti.

8. Kukula

Apa ndi pomwe ndimapakonda, chifukwa timayeza chinthu chomwe mu telesikopu wamba chimangooneka ngati kadontho. Mphamvu ya nyenyezi imadalira zinthu ziwiri: kukula kwa khungu lake, ndi mphamvu yomwe kachigawo kalikonse ka khungulo kamatulutsa. Lamulo la Stefan ndi Boltzmann limati chachiwirichi chimakwera ndi kutentha kochulukitsidwa kanayi, T × T × T × T. Kutentha kukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 16.

Gawani 13,500 ndi 5,772, mupeza 2.34. Chulukitsani 2.34 ndi 2.34, mupeza 5.47. Chulukitsaninso 5.47 ndi 5.47, mupeza pafupifupi 30. Ndiye malo okula ngati mkeka pa Electra amatulutsa mphamvu yofanana ndi mikeka 30 ya padzuwa. Ngati mphamvu yonse ndi 1,350 ndipo mkeka uliwonse ukupereka 30, khungu lake liyenera kukula ka 45 kuposa la dzuwa. Dinani √ pa 45, mupeza 6.7. M'mimba mwa Electra ndi mowirikiza ka 6.7 poyerekeza ndi dzuwa. Dzuwa m'mimba mwake ndi makilomita 1.39 miliyoni, ndiye Electra ndi makilomita pafupifupi 9.3 miliyoni, ulendo wochoka padziko kupita kumwezi maulendo 24. Akatswiri ena amapeza 6. Tili m'bwalo limodzi.

Mwina mwakhumudwa. Chimphona chake n'chimenechi? Aldebaran m'mimba mwake ndi ka 44 kuposa dzuwa, ndipo nayonso ili m'gulu la zimphona. Nkhani ndi yakuti mawu oti chimphona pano sakuyerekeza nyenyezi ndi zinzake zonse, akuiyerekeza ndi zinzake za kutentha kofanana. Nyenyezi wamba ya B6 m'mimba mwake imaposa dzuwa katatu ndi kachidutswa. Electra yawirikiza pamenepo kawiri. Chilembo cha III chija, chomwe ndi 3 wachiroma, chinachokera ku ndondomeko yomwe William Morgan, Philip Keenan ndi Edith Kellman anafalitsa mu 1943 ku Yerkes Observatory: V ndi nyenyezi wamba ngati dzuwa, III ndi chimphona, I ndi chimphona cha zimphona ngati Rigel. Amazindikira poona timizere tija. Nyenyezi ikafufuma, mpweya wa kunja kwake umakhala wosapanikizika, ndipo timizere ta haidrojeni timaonda. Kotero III akunena za mmene khungu likuonekera, osati kulumbira za zomwe zikuchitika mkati.

9. Kulemera, ndi msampha wake

M'mabuku a sukulu muli lamulo loti mphamvu ya nyenyezi imakwera ndi kulemera kwake motere: mphamvu = kulemera^3.5. Yesani. Log ya 1,350 ndi 3.13, kugawa ndi 3.5 ndi 0.894, ndipo 10^0.894 ndi 7.8. Koma akatswiri amati Electra imalemera pafupifupi kasanu kuposa dzuwa, ena amati 4.6 kapena 4.7. Simunalakwitse masamu. Lamuloli ndi longoyerekeza, ndipo linapangidwira nyenyezi zomwe zikadali pakati pa moyo wawo. Nyenyezi ikamayandikira kumaliza haidrojeni wa pakati pake imafufuma ndi kuwala kuposa msinkhu wake, ndiye lamuloli limaipatsa kulemera komwe ilibe. Kuphonya kwakeko ndi umboni wina woti Electra yakalamba. Kulemera kwenikweni kumayezedwa bwino pa nyenyezi ziwiri zozungulirana. Pa zina akatswiri amayerekeza kutentha ndi mphamvu ndi zomwe makompyuta awerengera za moyo wa nyenyezi. Apa pokha ingolandirani 5.

Ndi 5 ameneyo mutha kupeza zinthu ziwiri. Mphamvu yokokera pansi pakhungu lake ndi 5 kugawa ndi 45, kuchulukitsa ndi 274, yomwe ndi ya dzuwa. Mupeza pafupifupi 30, pomwe ya padziko pano ndi 9.8. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lingamveke ngati matumba atatu, pomwe padzuwa lingamveke ngati matumba 28. Chachiwiri ndi kuthithikana. Chulukitsani 6.7 × 6.7 × 6.7, mupeza 300: mu Electra mungalowe madzuwa 300, koma kulemera kwake ndi kwa asanu okha. Gawani 5 ndi 300, chulukitsani ndi 1.41, makilogalamu omwe lita imodzi ya dzuwa imalemera, mupeza 0.023. Mutasakaniza nyenyezi yonse kuti ikhale yofanana paliponse n'kutungako lita imodzi, ingalemere magalamu 23, pomwe lita ya madzi ndi magalamu 1,000.

Za kukalamba zija zimadabwitsa, poti Nsangwe ndi ana. Gululi lili ndi zaka pakati pa 100 miliyoni ndi 125 miliyoni, pomwe dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo lili pafupi theka la moyo wake. Koma ganizirani banja lomwe lili ndi nkhuni zochuluka kasanu kuposa zanu, koma likusonkha moto waukulu ka 1,000. Atsogola ndani kugona ndi njala ya nkhuni? Electra siidzaphulika, chifukwa zophulika zimayambira pa kulemera kwa madzuwa pafupifupi 8. Idzafufuma, kufiira, kutaya khungu lake, n'kutsala kachidutswa kotentha kokula ngati dziko lathu.

10. Kachilembo ka e

Katsala kachilembo kakang'ono kumapeto kwa B6 IIIe. Kakutanthauza kuti timizere tina ta haidrojeni, m'malo mokhala takuda, timawala. Woyamba kuona zotere anali wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, mu 1866, pa nyenyezi ya Gamma Cassiopeiae. Chimachititsa ndi mpweya wotentha womwe wazungulira nyenyezi m'chiuno ngati mbale yafulati, ndipo mpweyawo unachoka pa nyenyezi yomweyo. Nyenyezi zoterezi zimazungulira ngati nguli, ndipo kuthamangako kumathandiza kuti mpweya utayike, monga tayala la njinga limamwazira matope kumsana kwa wopalasa.

Liwiro lake limayezedwa poona kunenepa kwa timizere, poti mbali ina ya nyenyezi ikubwera kwa ife pomwe ina ikuthawa. Pa Electra apeza makilomita 181 pa sekondi, pomwe m'chiuno mwa dzuwa mumayenda makilomita 2 okha pa sekondi. Ndipo 181 ndi gawo lokhalo lomwe tikuliona kuchokera kuno. Poti nyenyeziyi yatipendekera, liwiro lenileni ndi loposa apo. Werengani nokha tsiku lake: 9.3 miliyoni kuchulukitsa ndi 3.14 ndi makilomita 29 miliyoni kuzungulira chiuno, kugawa ndi 181 ndi masekondi pafupifupi 161,000, omwe ndi maola 45. Ikachedwetsetsa imazungulira kamodzi pa masiku osakwana awiri, pomwe dzuwa limatenga masiku 25.

Izi zikutikakamiza kubwerera pa manambala athu ndi diso lina. Nyenyezi yothamanga chonchi siikhala yobulungira ngati mpira. Imaphwatalala ngati dzungu, yonenepa m'chiuno. Hugo von Zeipel anasonyeza mu 1924 kuti zikatero kumutu ndi kumiyendo kumatentha kuposa m'chiuno. Choncho 13,500 K ndi kutentha kwa pakati, 6.7 ndi kukula kwa pakati, ndipo wina woyang'ana Electra kuchokera mbali ina ya mlengalenga angapeze manambala osiyanako ndi athu. Ndiye polemba mayankho anu musaike madijiti ambiri ngati mukuwerenga ndalama za kubanki. Lembani kuti kutentha ndi 13,000 mpaka 14,000 K, mphamvu ndi madzuwa 1,000 mpaka 1,400, m'mimba mwake ka 6 mpaka 7, kulemera pafupifupi kasanu.

Mukafuna kudziyesa, tengani Alcyone. Mtunda ndi fumbi ndi zomwezo poti ili m'gulu lomwelo. V yake ndi 2.87, gulu lake ndi B7 III, kutentha tengani 12,300 K, ndipo BC ikhale −0.75. Muyenera kupeza mphamvu ya madzuwa pafupifupi 2,300, ndipo m'mimba mwake pakati pa 10 ndi 11. Atlas muisiye kaye, chifukwa kadontho kamene mukukaonako ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana ndipo kuwala kwawo kwasakanikirana. Pa Alcyone mukapeza mphamvu yosakwana madzuwa 10, bwererani pa gawo 7, mukaone minus zija.